Mfuti ya Gogodela ndi Onga m'Mbiri ya Dziko la Maravi

Pa miyambo yambiri ya makolo m'chigawo chino cha Africa, mfumu yaikulu ikamayandikira bwalo pamamveka kulira kwa mfuti, utsi woyera n'kukwera pamwamba pa khamu, amayi n'kuyankha ndi nthungululu. Mfuti yolira pa nthawi yotereyi kawirikawiri imakhala gogodela, ndipo mkati mwake mumakhala onga wokha, wopanda chipolopolo. Achinyamata ambiri amangoyesa kuti ndi chokometsera mwambo, chimodzimodzi mikanda kapena nthenga za pamutu. Komatu chida chimenechi chili ndi mbiri ya zaka zoposa 400 pakati pa mitsinje ya Zambezi, Luangwa ndi Shire. Chinateteza midzi ina n'kupasula ina, chinakweza mafumu ena n'kugwetsa ena, ndipo anthu ochuluka anagulitsidwa ukapolo kuti chipezeke.

Kufika kwa mfuti pa Zambezi

Onga unayambira ku China zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo kapangidwe kake kanalembedwa m'buku la zankhondo la kumeneko m'chaka cha 1044. Kuchokera kumeneko unafalikira kumayiko a Aluya ndi ku Ulaya. Apwitikizi atakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, anabwera ndi mfuti za nthawi imeneyo, zomwe zinkayatsidwa ndi chingwe chonyeka pang'onopang'ono. M'chaka cha 1572, Francisco Barreto anakwera chigwa cha Zambezi ndi asilikali onyamula mfuti ndi mizinga pofunafuna migodi ya golide ya Mwenemutapa. Anapambana pa nkhondo zingapo, koma malungo ndi njala zinatha gulu lake, ndipo iye mwini anafera ku Sena chaka chotsatira.

Eni dziko sanachedwe kuzindikira pamene panali kufooka kwa chida chachilendochi. M'chaka cha 1592, ankhondo otchedwa Azimba, omwe akatswiri ambiri a mbiri amati anali a ufumu wa Lundu, anabisalira Apwitikizi a ku Tete m'nkhalango n'kuwalasa ndi mivi asanakonzeke n'komwe kuwombera. Akapitawo a ku Tete ndi ku Sena onse anaphedwa m'nkhondo imeneyo, monga momwe wansembe João dos Santos analembera m'buku lake lotchedwa Ethiopia Oriental, lomwe linasindikizidwa mu 1609. Uta ndi nthungo zinali zikadali ndi mphamvu, ndipo Apwitikizi anaona kuti popanda ubwenzi wa mafumu sakanapita patali. N'chifukwa chake mu 1608 anapempha thandizo kwa Muzura, wolamulira wamphamvu wa Amaravi, amene anawatumizira ankhondo 4,000. Mu 1622 iwonso anamuthandiza kugonjetsa Lundu. Kuyambira pamenepo mfuti inalowa m'mikangano ya mafumu a Maravi okhaokha, ngakhale kuti kwa zaka zina 200 inakhalabe chinthu chosowa, chopezeka kwa amalonda ndi kwa mafumu owerengeka.

Kapangidwe ndi kagwiridwe ka gogodela

Gogodela imadyetsedwa kukamwa. Woombera amathira onga mumpope, n'kutsekera ndi kansanza kapena kachidutswa ka chiwondo, n'kuikamo chipolopolo, kenako n'kugogoda zonsezo ndi ndodo yachitsulo mpaka zitakhazikika pansi. Mfuti zambiri zomwe zinafika kuno m'zaka za m'ma 1800 zinkayatsa onga ndi mwala wolimba womwe unkamenya chitsulo n'kuthetheka moto. Pambuyo pake panabwera zina zoyatsa ndi kachisoti kakang'ono ka mkuwa, zomwe sizinkavuta kwambiri nyengo ya mvula.

Mpope wa mfuti yotere unali wosalala mkati, choncho chipolopolo sichinkayenda molunjika. Pa mtunda wopitirira mamita 100, kulasa chinthu kunali kwa mwayi. Msilikali wa ku Ulaya wophunzitsidwa bwino ankaombera katatu pa mphindi imodzi, koma munthu wamba ankatenga nthawi yotalikirapo. Onga ukanyowa, mfuti inkasanduka chibonga wamba. Utsi wake unali wochuluka moti unkaulula pamene woombera wabisala, ndipo mwaye wotsalira mumpope unkakoka chinyontho n'kudya chitsulo ngati mwini wake sanatsuke.

Zambiri mwa mfutizi zinkasulidwa mumzinda wa Birmingham ku England ndi wa Liège ku Belgium. Nkhondo za Napoleon zitatha mu 1815, maboma a ku Ulaya anatsala ndi mfuti zankhaninkhani zopanda ntchito, ndipo amalonda anazigula motchipa n'kuzitumiza ku Africa. Zomwezo zinachitikanso m'zaka za m'ma 1860 ndi 1870, pamene asilikali a ku Ulaya anasiya mfuti zodyetsera kukamwa n'kuyamba zodyetsera kumbuyo. Akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma pa nkhani iyi mlendo anasunga kalumo kakuthwako, n'kugulitsa kamene iye anali atakataya.

Minyanga, akapolo ndi onga

Mfuti inkafika kumtunda kudzera njira zitatu. Kummwera kunali Achikunda, omwe poyamba anali ankhondo a eni minda ikuluikulu ya Apwitikizi m'chigwa cha Zambezi, ndipo pambuyo pake anatchuka monga alenje a njovu mpaka ku Luangwa. Kummawa kunali amalonda a Chiyao, omwe ankatsika ndi minyanga kugombe la nyanja ya mchere, ku Kilwa ndi ku Quelimane, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi migolo ya onga. Panyanja ya Malawi panali Aswahili, ndipo wotchuka mwa iwo anali Jumbe Salim bin Abdallah, amene anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840 n'kumaolotsa katundu ndi anthu pa zombo zamatanga.

Mwambo wa makolo unkati njovu ikaphedwa, mnyanga wogunda pansi ndi wa mfumu mwini dziko. Lamulo limeneli linkachititsa kuti chuma cha minyanga chidutse m'manja mwa mafumu akuluakulu monga Undi, omwe ankachigawa kwa mafumu aang'ono ndi kwa anthu awo. Mfuti zitachuluka, alenje achilendo okhala ndi magulu awo ankhondo anayamba kupha njovu osapereka kanthu, ndipo mafumu aang'ono anayamba kuchita malonda paokha osadzera kulikulu. Umenewu unali umodzi mwa mizu ya kufooka kwa maufumu akale a Maravi.

Njovu nazo zinachepa msanga. Mu 1859 David Livingstone anawerenga njovu pafupifupi 800 m'dambo lalikulu la kumunsi kwa Shire, lomwe analitcha Elephant Marsh, koma zaka za m'ma 1800 zisanathe zinali zitatsala pang'ono kutheratu kumeneko. Minyanga ikasowa, wamalonda ankafuna anthu. Mudzi wopanda mfuti unkagwidwa ndi mudzi wokhala nayo, ndipo mfumu yofuna kuteteza anthu ake inkafunika onga, umene mtengo wake nthawi zambiri unali anthu a mudzi woyandikana nawo. Msampha umenewu unakola mitundu yonse ya m'derali, ndipo palibe fuko limene lingaloze linzake chala pa nkhaniyi lokha n'kukhala loyera m'manja.

Ngakhale alendo omwe anabwera kudzathetsa ukapolo anadalira chida chomwecho. Mu 1861 Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake a ku Magomero anatenga mfuti n'kumenyana ndi Ayao. Amakololo omwe Livingstone anawasiya m'chigwa cha Shire anali anthu ochepa kwambiri, koma popeza anali ndi mfuti, ena mwa iwo monga Kasisi, Chipatula, Masea ndi Katunga anasanduka mafumu pakati pa Amang'anja.

Chishango, linga ndi mfuti

Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kunachita kadamsana. Mphamvu yawo inali m'chishango chachikopa, mkondo wobayira pafupi, ndi mwambo wa magulu ankhondo. Iwo anadziwa kuti gogodela ikalira kamodzi pamapita nthawi isanalirenso, choncho ankadikira kulira koyambako n'kuthamangira adani awo akadali mkati mogogoda onga. Pabwalo poyera, mfuti zochepa sizinkatha kuwaimitsa. Dzina la mtsogoleri amene anabweretsa Angoni a Maseko kuchokera ku Songea kudzakhazikika kuphiri la Domwe cha m'ma 1870 linali Chidyaonga, ndipo limasonyeza lokha mmene onga unalowera m'chilankhulo ndi m'mbiri ya nthawi imeneyo.

Yankho la Achewa ndi mitundu ina linali linga. Mudzi unkazingidwa ndi mitengo yolimba kapena chipupa chadothi, ndipo woombera ali kuseri kwa linga ankapeza mpata wodyetsanso mfuti yake osabayidwa. Mwase Kasungu, amene anali paubwenzi wa malonda ndi Jumbe wa ku Nkhotakota, anasonkhanitsa mfuti zambiri ndipo anatha kuteteza dziko lake kwa Angoni pamene madera ena ambiri a Achewa anagonja kapena kuthawira kumapiri. Ena anakhala zaka zambiri pamwamba pa mapiri monga Dedza, akulima timinda ta m'matanthwe.

Luso la osula ndi maphunziro a mlenje

Anthu a dziko la Maravi anali odziwa kuyenga chitsulo m'ng'anjo kalekale mfuti isanabwere, ndipo makasu awo ankagulitsidwa kutali. Luso lomwelo ndi limene linasunga gogodela yamoyo. Wosula ali pachipala chake ndi mvukuto ankakonza zitsulo zothyoka za mfuti, mmisiri wa matabwa n'kusema thupi latsopano lakale likang'aluka. Mtovu unali wosowa, choncho zipolopolo zambiri zinkasulidwa kuchokera ku chitsulo cha kuno komwe, ndipo pakavuta alenje ankagwiritsa ntchito zidutswa za mkuwa kapena timiyala. M'madera ena anthu anaphunzira kupanga onga wawo, ngakhale kuti unali wofooka poyerekeza ndi wa m'migolo ya amalonda.

Kusowa kwa onga kunkalamulira mmene munthu ankaphunzirira kuwombera. Ku Ulaya asilikali ankachita maphunziro ndi onga wopanda chipolopolo, ndipo mu 1845 mmisiri wa ku Paris, Louis-Nicolas Flobert, anapanga kachipolopolo kakang'ono kopanda onga, koyendetsedwa ndi mphamvu ya kachisoti kokha, kuti anthu olemera aziyesera kulasa chandamale m'nyumba zawo. Kuno kunalibe onga wotayira pa masewera otero. Mnyamata ankaphunzira kulunjika ndi uta ndi mivi, ankaphunzira kulondola mapazi a nyama ndi kuona kumene mphepo ikulowera, ndipo ankayenda nthawi yaitali pambuyo pa mlenje wamkulu, akumunyamulira kamba ndi nyanga ya onga, asanaloledwe kukoka mfuti. Popeza gogodela sinkalasa patali, mlenje wa njovu ankayenera kufika pafupi kwambiri ndi nyamayo, ndipo akaphonya sankakhala ndi nthawi yodyetsanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mlenje wopupuluma sankakalamba.

Ulenje unali ndi miyambo yake. Asananyamuke, alenje ankathira nsembe kwa mizimu ya makolo, ndipo mkazi wotsala kumudzi ankayenera kudzisunga kufikira mwamuna wake atabwerako, pakuti ankakhulupirira kuti kulakwa kwa kunyumba kumaonekera kutchire. Pakati pa Achewa, omwe amatsata mbumba ya kuchikazi, mfuti inali m'gulu la chuma chimene munthu ankatha kulandira kwa mtsibweni wake, choncho inkakhala m'mbumba imodzi mibadwo ingapo.

Mfuti yolira popanda chipolopolo

Sikuti nthawi zonse gogodela inkalira pofuna kupha. Phokoso lake linkamveka patali kuposa mfuu ya munthu, ndipo anthu analisandutsa chilankhulo. Ulendo wa amalonda ukayandikira kwawo patapita miyezi yambiri, a patsogolo ankawombera m'mwamba kuti a kumudzi adziwe kuti abale awo abwera amoyo. Mfumu kapena munthu wolemekezeka akamwalira, mfuti zinkalira polengeza maliro ndi poperekeza thupi kumanda. Pakati pa Asilamu a m'mbali mwa nyanja, kuoneka kwa mwezi watsopano womaliza kusala kunkalandiridwa ndi mfuti. M'minda, kulira kwa onga wokha kunkathamangitsa njovu, mvuu ndi nguluwe usiku.

Popeza onga unali wodula, kuutentha chifukwa cha munthu kunali kumuchitira ulemu waukulu. Banja lowombera mfuti pamaliro a kholo lawo linkaonetsa kuti silinaumire chuma chake, ndipo mfumu yolandiridwa ndi mfuti zambiri inkadziwika kuti ili ndi anthu ndi mphamvu. Mwambo wotere ukupezekabe m'madera ena a Africa. Pa mwambo wa Umutomboko wa Mwata Kazembe, m'chigwa cha Luapula ku Zambia, mfuti za gogodela zimalira polemekeza mfumu, ndipo ku Morocco okwera pa akavalo amawombera onga wokha onse pamodzi pa masewera a Tbourida, omwe bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu onse mu 2021.

Kutha kwa mphamvu ya gogodela

Pa 2 Julayi 1890, mayiko a ku Ulaya ndi ena anasaina pangano ku Brussels loletsa kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa. Panganolo linati cholinga chake chinali kuthetsa malonda a akapolo, ndipo linalolabe kugulitsa mfuti zakale zoyatsa ndi mwala pamodzi ndi onga wamba. Zotsatira zake zinali zakuti mafumu anatsala ndi gogodela pamene maboma a atsamunda anali ndi mfuti zodyetsera kumbuyo, mizinga ndi mfuti za Maxim, zolavula zipolopolo mazanamazana pa mphindi imodzi.

Britain italengeza ulamuliro wake pa dziko lomwe lero ndi Malawi mu 1891, Harry Johnston anabweretsa asilikali a Chisikh ochokera ku India n'kuyamba kugonjetsa mafumu mmodzimmodzi. Ena analimba kwa kanthawi. Anthu a Makanjira anapha Kapiteni Cecil Maguire mu Disembala 1891, ndipo zinatenga zaka kuti mafumu a Chiyao a kumapiri agonje. Koma linga lomwe linkaimitsa mkondo silinathe kuimitsa mzinga. Mu Disembala 1895 malinga a Mlozi ku Karonga anagwetsedwa ndipo iye anapachikidwa. Kumapeto kwa chaka chomwecho likulu la Mwase Kasungu linathiridwa nkhondo, ndipo mfumuyo inadzipha posafuna kugwidwa. Inkosi Gomani inaphedwa mu 1896. Mu Januwale 1898 ankhondo a Mpezeni anagonjetsedwa pafupi ndi pomwe lero pali Chipata, mwana wake Nsingo anawomberedwa, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Mwambo wa Nc'wala unazima kuyambira nthawi imeneyo mpaka pamene unatsitsimutsidwa mu 1980.

Boma la atsamunda linalamula kuti mwini mfuti aliyense azidula chiphaso cholipira, ndipo linayamba kupatula madera oletsedwa kusaka, monga Elephant Marsh mu 1897. Mlenje amene kale ankalemekezedwa tsopano ankatha kumangidwa chifukwa cha ntchito ya makolo ake. Kuchepa kwa mfuti m'manja mwa eni dziko kunaonekera poyera pa kuukira kwa John Chilembwe, komwe kunayamba usiku wa pa 23 Januwale 1915. Gulu lina la anthu ake linapita kusitolo ya Mandala ku Blantyre kukafuna mfuti ndi zipolopolo, koma linangopeza zochepa, ndipo ambiri anamenya nkhondoyo ndi mikondo.

Zotsala m'midzi lero

Mfuti za gogodela zikadalipo m'nyumba za mafumu ndi m'mabanja ena, ndipo zina zikusungidwa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Palinso zina zopangidwa mobisa masiku ano, zomwe opha nyama mozembera lamulo amalowa nazo m'nkhalango zotetezedwa za Kasungu ndi Luangwa. Zimenezi si cholowa cha makolo, ndipo kawirikawiri zimaphulikira mwini wake n'kumudula zala kapena kumuchititsa khungu. Malamulo a Malawi, Zambia ndi Mozambique onse amafuna kuti wosunga mfuti akhale ndi chilolezo cha boma.

Ngakhale mfuti yakale yeniyeni ili ndi ngozi yake. Mpope wa zaka zoposa 100 umakhala utadyeka ndi dzimbiri mkati ngakhale kunja ukuwala, ndipo onga wa m'zipolopolo zamakono uli ndi mphamvu imene chitsulo chakalecho sichingapirire. Mfuti yopanda chipolopolo nayo imalavula moto ndi chotsekera chake, zomwe zingavulaze munthu woima pafupi. N'chifukwa chake pa mwambo ntchito yoombera imapatsidwa kwa akuluakulu odziwika, okhala ndi chilolezo, omwe amalozetsa mfuti kumwamba ali patali ndi khamu.

Chimene chili pachiopsezo chachikulu ndi mbiri ya mfuti iliyonse payokha. Agogo omwe akudziwa kuti mfuti ya m'banja mwawo inachokera kwa Mchikunda, kwa Myao kapena kwa Jumbe, kuti inagulidwa ndi minyanga ingati kapena ndi munthu wa mudzi uti, kuti inateteza linga liti ndipo inalira pamaliro a mfumu iti, akutha chaka ndi chaka. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha pali wina amene anawamva n'kuwasunga. Mbumba iliyonse yosunga gogodela ingachite bwino kukhala pansi ndi akuluakulu ake, kulemba zimene akukumbukira, kujambula zizindikiro zodindidwa pachitsulo, zomwe nthawi zambiri zimaulula dziko limene mfutiyo inasulidwa, ndi kudziwitsa mfumu ya dera pamodzi ndi apolisi kuti chidacho chilembedwe m'kaundula. Mfuti imene banja silingathe kuisamala ili ndi malo ku Chichiri Museum mu Blantyre, ku Livingstone Museum, kapena ku Moto Moto Museum ku Mbala, kumene ana a sukulu angaione pamodzi ndi mayina a anthu omwe anainyamula ndi a midzi imene inakhudzidwa nayo.